Batani Langa Kuseri kwa Mpanda wa Apongozi

Lolemba

Dongosolo ndi ili. Ndalilemba kuti ndisadzakane.

1. Lolemba mpaka Lachisanu: kuyesa.
2. Loweruka: kukonza totsala.
3. Lamulungu: kutulutsa pa intaneti.
4. Lolemba linalo: kuyamba kupatsidwa ulemu pamudzi pano.

Chimene ndikuyesa ndi dengu langa la zida, limene ndakhala ndikuluka miyezi isanu ndi iwiri pa laputopu. Muli mabatani, timabokosi tolembamo, mndandanda wosankhapo ndi kachikwangwani kochenjeza. Ndi tizidutswa toti wopanga pulogalamu ya pafoni azingotola n'kulumikiza, osayamba kusema yekha. Madengu akunja alipo ambirimbiri, koma anawapangira zala zouma za mu ofesi yozizira. Langa ndi la kuno kuchigwa: dzuwa loswa mtengo, thukuta, foni zotopa.

Gulu lina ku Blantyre likupanga pulogalamu yoti alimi azinenera mbozi zikagwa m'munda. Mayi amene akulitsogolera wati dengu likakhala pa intaneti pofika Lamulungu madzulo alitenga, ndipo andilemba ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo lake ndi limodzi: liyesedwe kaye ndi mlimi weniweni, pa foni yake, panja.

Likapanda kutuluka? Atsibweni ake a mkazi wanga Marita andipezera kale malo pa sikelo ya kukampani ya nzimbe. Kuyamba Lolemba linalo, faifi koloko m'mawa. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mkamwini," anatero. Ndinavomera pamaso pa anthu, ndiye palibe pothawira.

Mlimi weniweni wokhala ndi foni yogwira pagalasi pafupi pano ndi mmodzi yekha: apongozi anga, amake Marita, wapampando wa kalabu ya amayi akudimba. Apa mpamene pali nkhani. Zaka zinayi ndili pachikamwini, nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi cha ukwati. Tikakumana panjira iwo amapatukira kumanzere, ine kumanja. Moni wathu amadzera mwa Marita. Chonsecho mabuku onse amati woyesa aziyang'anitsitsa nkhope ndi chala cha amene akuyesa naye!

Tapangana motere. Iwo pamphasa, pansi pa mtengo wa msawu, kuseri kwa mpanda wa bango. Ine kuno pa kampando. Marita pakati. Ndamanga kapulogalamu koyesera kamene kamatenga zida m'dengu, ndipo ndikukatumiza ku foni yawo pa bulutufu. Foni ya apongozi sindiigwira, amaikamo ndi Marita.

Chodabwitsa cha lero: bulutufu imafika mapazi khumi basi, mtunda womwewo umene mwambo umalola. Ndikasendera pafupi ndalakwira akuluakulu. Ndikabwerera m'mbuyo fayilo yaduka. Kodi amene anaipanga anali mkamwini?

Lachiwiri

Tsiku loyamba loyesa zenizeni. Ntchito ya apongozi ndi yosavuta: kulemba dzina la mbewu m'kabokosi, kenako kudina batani lobiriwira lakuti Tumizani.

Kuseri kwa mpanda ndikumva:

kupuma kwakukulu,
chala chikugogoda galasi ngati nkhuku yojompha chimanga pa lichero,
"aaa-a",
kenako Chisena chachitali, mpweya umodzi, mawu osachepera makumi atatu.

Ine ndi wa ku Dedza. Chisena changa chimathera pa takhuta (zikomo) ndi pyadidi (zabwino). Marita akusuzumira pamwamba pa mpanda: "Akuti pyadidi. Zili bwino. Koma batani mulikulitseko pang'ono."

Mawu makumi atatu kubala asanu ndi awiri! Chisena chikuoneka kuti ndi chilankhulo chosaumira mawu. Ndiyenera kudzachiphunzira bwinobwino.

Ndamupempha Marita kuti akhale maso anga. Zimene waona:

a) Sadina ndi nsonga ya chala. Amadina ndi mfundo, chifukwa nsonga zimakhala ndi dothi lakudimba.
b) Akadina sachotsa. Amapanikiza mpaka chinthu chichitike.
c) Galasi likachita thukuta amalipukuta pa chitenje, ndipo chitenjecho chimadina zonse nthawi imodzi.

Mtima wanga ukuvina. Izi ku Blantyre sazidziwa! Palibe buku limene linalembapo za chitenje. Ndakulitsa batani, ndadetsa mtundu wake kuti lizioneka padzuwa, ndalamula kuti zodina zambiri nthawi imodzi zizikanidwa. Pa laputopu likuoneka lokongola.

Laputopu yatentha mpaka kuzima yokha kawiri. Tsopano ili pa njerwa ziwiri, pambali pa mtsuko, ndipo ine ndikuipepesa ndi katoni. Mwini wake palibe womupepesa.

Lachitatu

Ndamanga, ndatumiza. Chisena chalero ndi chachitali kuposa cha dzulo, ndipo chathera m'kuseka. Marita: "Akuti zasinthadi. Muonjezereko pang'ono."

Pang'ono penanso? Ndayang'ana zala zanga, ndayang'ana za Marita. Kodi mfundo ya chala cha apongozi ndi yaikulu bwanji? Funso limeneli silifunsika. Ndayesa kukumbukira chithunzi cha ukwati, koma manja anali pansi pa mphatso.

Masana alamu anga a Zuze, amene amapalasa kabaza pa Ngabu, aima kudzamwa madzi. Ndawapempha apite kuseri akaone pa foni ya amayi awo. Abwerako akupukusa mutu mogoma. "Alamu, lero ndiye lakhuta! Lili bwino kuposa dzulo!" Ndalemba m'kope: woyesa wachiwiri, wakhutira.

Ndikulemba pano ndakumbukira kuti dzulo a Zuze kunalibe. Anagonera ku Nsanje. Koma mwina ndi kalankhulidwe chabe.

Ganizo latsopano, labwera ndikusamba: poti amapanikiza mpaka chinthu chichitike, batani liziyankha. Likadinidwa foni izinjenjemera pang'ono n'kulira ka "ti". Ndaikamo. Ndadina ka makumi awiri pa laputopu, kungosangalala. Ti. Ti. Ti. Marita akuti nkhuku zikubwera pakhomo.

Atsibweni adutsa ndi nsapato za jombo zovala ku sikelo m'manja, akuti akungoziwombetsa mphepo. Aziika pakhonde pathu kanthawi, kenako anyamuka nazo. Ndi saizi yanga, ndaona.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la kalabu. Amayi asanu ndi anayi pansi pa msawu, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja. Ine kuno ndi kope, khutu pampanda, maso pansi monga mwa ulemu.

Zimene zikuuluka pamwamba pa bango:

"Ndi mkamwini wanuyo wapanga zimenezi?"
"Mutu ulipo."
"Iii, sukulu ndi yabwino."
"Nanga bwanji salima?"

Lomalizalo sindikuliwerengera, silikukhudza batani.

Ndafunsa za kulira kuja. Marita wapita, wabwera. "Akuti kakulira bwino." Koma ine sindinamve ka "ti" ngakhale kamodzi, chonsecho kutsokomola kwa mayi aliyense ndikukumva. Mwina sipika ya foni yadzaza fumbi. Mwina bango limameza mawu opyapyala n'kulola okhuthala. Nkhani yofunika kuifufuza tsiku lina. Pakadali pano ndakweza kulira, ndakweza kunjenjemera, ndakulitsanso batani chifukwa uthenga wabweranso woti pang'ono.

Pa laputopu batani tsopano ndi lalikulu ngati chikhatho changa. Likundiopsa pang'ono. Koma ndine yani kutsutsa alimi khumi?

Ndalembera mayi wa ku Blantyre: "Layesedwa ndi alimi khumi, panja, onse akhutira." Wayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Madzulo ndakumana ndi atsibweni pa mjigo. Ndawauza mwaulemu wonse, manja kumbuyo, kuti jombo zija akhoza kupatsa wina. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Tiona," atero. Pobwerera ndimaimba mluzu njira yonse, ndipo Marita wandiyang'ana ndi nkhope imene sindikuimvetsa. Mwina ndi chikondi.

Lachisanu, m'mawa

Ka "ti" kandisowetsa mtendere. Ndakakweza mpaka pomaliza. Pa laputopu kakulira moti galu wa aneba wayankha. Kuseri kwa mpanda: zii. Mapazi khumi okha!

Ndiyese chinthu chimodzi, chongofuna kudziwa. Ndasintha batani kukhala lofiira piriwiri. Ndimati ndilembepo MBUZI kuti lisabisike, koma ndakumbukira kuti likupita pa foni ya yani. Ndalembapo NYEMBA. Ndamanga, ndatumiza.

Kugogoda. Kupuma. Chisena.

Marita: "Akuti pyadidi. Kubiriwira kwake lero ndiye kwafikapo."

Kubiriwira!

Lachisanu, masana

Ndapeza. Kapulogalamu koyesera sikakutenga zida m'dengu limene ndikuluka. Kakutenga m'kope lakale la dengulo limene ndinalongedza mwezi watha. Nambala ya dengu sindinaisinthe, ndiye makina akaona nambala yomweyo akuti ichi ndili nacho kale, n'kutola chakale chija. Pa laputopu ndimaona zatsopano chifukwa pamenepo zimawerengedwa molunjika. Ku foni kwakhala kukupita batani lomwelomwe la mwezi watha, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, lero. Silinakule. Silinade. Silinalirepo.

Ndiye kuti:

a Zuze anayamikira kukhuta kwa batani lomwe silinadye,
amayi asanu ndi anayi anagoma ndi ntchito ya mwezi watha,
ka "ti" kanalira bwino m'mitima mwawo mokha,
ine ndauza Blantyre bodza popanda kudziwa.

Kulakwa kwa nambala ndi kwanga, sindikukana. Manyazi ndili nawo, ochuluka. Koma chimene chikundizunguza mutu ndi china: anthu khumi ndi mmodzi angaone bwanji chinthu chosasintha masiku anayi n'kumati chasintha?

Ndamuitana Marita m'nyumba. Poyamba wakana. Kenako wakhala pa bedi n'kuyamba kupinda nsalu zopindapinda kale. Akuti amayi ake akhala akunena kuyambira Lachitatu kuti palibe chasintha, batani ndi lomwe lija. Kuseka kuja kunali kumeneko.

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Munali mukuimba mluzu. Miyezi isanu ndi iwiri sindinakumveni mukuimba."

Nanga amayi akalabu? Akuti iwo sakanachitira mwina. Sunganyoze ntchito ya mkamwini wa wapampando uli pa mphasa ya wapampandoyo. Nanga "pang'ono" uja ankachokera kuti? Akuti anali wake Marita. Ankafuna ndizikhala ndi chochita.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wanga sananene za m'maluwa chifukwa chosamva. Anamva zonse, n'kusankha zondipatsa. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndikwiyire yani. Marita nayenso sakufuna ndipite ku sikelo.

Ndasintha nambala. Ndafufuta kope lakale. Mawa apongozi alandira dengu lenileni, koyamba.

Loweruka, m'mawa

Ndatumiza. Ndakhala pa kampando. Ndamupempha Marita kuti lero anene chilichonse, ngakhale chotukwana.

Sipanafunike womasulira.

TIIIIII!

Mbuzi ziwiri zadula zingwe. Mwana wa aneba wayamba kulira. Kenako phokoso lina, drrrrr, ngati chigayo chaching'ono: foni ikunjenjemera pa mbale yachitsulo imene anaiikapo atadzidzimuka, ndipo ikuyenda yokha. Poti apongozi akadina sachotsa, kulira kwabwerezedwa kambirimbiri n'kuima pamzere, ndiye kukupitirira ngakhale palibe akuigwira. Marita akukuwa kuti batani ladzaza galasi lonse, kabokosi kolembamo sikakuoneka, pali chinthu chofiira chokhachokha cholembedwa NYEMBA. Ndinaiwala kubweza!

Azimitsa foni poichotsa mphamvu. Bata. Ngakhale njiwa zasiya.

Kenako chinthu chimene sichinachitikepo zaka zinayi. Mawu ochokera kuseri kwa bango, m'Chichewa, osadzera mwa munthu:

"Bambo."

Ndaimirira. Ndakhalanso. Ndagwada, ngakhale sakundiona.

"Bambo, batani lanu lija silinali laling'ono tayu. Munaliika pansi, kudzanja lamanja. Pamenepo mpamene pali mng'alu. Pamenepo foni siimva, ngakhale mudine ndi musi."

Ndayankha kuti takhuta. Ndi mawu okhawo amene ndinali nawo.

Apongozi akuti ananena zimenezi Lachiwiri, m'Chisena chachitali chija. Marita anaganiza kuti vuto ndi la foni osati la ntchito yanga, ndiye sanafune kuwachititsa manyazi amayi ake kuti ali ndi foni yong'aluka, kapena ine kuti sindinaganizire. Anatiteteza tonse awiri.

Loweruka, masana

Magetsi azima. Ndakwera kabaza ya a Zuze kupita pa Ngabu kukatchaja laputopu. Njira yonse akuseka. "Alamu, ife tinamva tili pa siteji! Timati ambulansi!" Ndawafunsa chifukwa chimene ananenera kuti lakhuta. Akuti ndinawayang'ana ngati munthu amene waphika koyamba.

Pa kashopu kotchajira, mafoni ali ndondondo pa thabwa. Ndapempha mwini wake kuti ndingowayang'ana, osayatsa. Ndipo taonani! Ambiri ndi ong'aluka, ndipo ambiri mwa ong'alukawo ang'alukira pansi, m'makona. Bwanji pansi? Mwini shopu akuti amayi amamangirira foni pa mfundo ya chitenje, ndiye akawerama ndi khasu mpini umagunda kona. Abambo imawapulumuka m'thumba la malaya ali pa kabaza, n'kukafikira matako. Mayi wina wogulitsa usipa wandionetsa mmene amatembenuzira foni chadodolido kuti adine zinthu za pansi. Ndakhala pamenepo ola lathunthu ndikufunsa anthu, kuiwala kuti ndili pamavuto. Zimenezi ndi zokoma kuposa chitenje chija!

Kenako ndakumbukira. Zida zanga zonse zimayembekeza batani lalikulu kukhala pansi kumanja, poti mabuku amati chala chachikulu chimafika pamenepo mosavuta. Kulikweza pakati ndiye kuti kabokosi kasunthe, mndandanda utsegukire kwina, kachikwangwani kapeze malo ena. Ndi kumasula dengu mpaka pa tsinde. Masabata awiri, ndikachita changu. Komanso zosintha za sabata ino ndinangoziunjika pamodzi osasunga sitepe iliyonse payokha, poti zonse zinali pyadidi. Sindikudziwa kuti chabwino ndi chiti, chamisala ndi chiti.

Ndatsala ndi tsiku limodzi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimawerengera njira.

Njira ilipo. Dengu la mwezi watha lija ndinalisunga pa fulashi. Ndi lobiriwira, laulemu, silikuwa. Pa mafoni a ku Blantyre lingagwire bwino lomwe, poti awo sang'aluka. Uthenga woti alimi khumi akhutira unapita kale, ndipo mwa njira ina si bodza: analiyesadi, ndipo anatidi pyadidi. Kutulutsa ndi mzere umodzi wokha. Ndaulemba. Ndakhala ndikuuyang'ana mpaka laputopu yayamba kupuma mwa befu.

Koma ndikuona mayi wina kudimba, mbozi zili m'chimanga, akupanikiza kona yakufa ya foni ndi mfundo ya chala, akudikira kuti chinthu chichitike. Tsopano ndikumudziwa. Amakhala mapazi khumi kuchokera pano.

Ndafufuta mzere uja. Ndalembera mayi wa ku Blantyre zonse: nambala, kope lakale, NYEMBA, mng'alu. Za mng'alu ndalemba ndime zitatu, sindinathe kudziletsa. Wayankha patapita maola awiri: "Zikomo ponena zoona. Za mng'aluzo n'zothandiza kwambiri. Koma mawa tiyamba ndi dengu lakunja, nthawi yatithera." Basi. Palibe kachithunzi.

Zandipweteka. Ndakhala kuseri kwa nyumba kanthawi ndekha.

Atsibweni abwera ndi jombo, nthawi ino azisiya. Sananyoze. Angoti lole imadutsa pa msewu hafu folo, ndipo siidikira munthu. Ndayesa kuvala. Ndi zazikulu pang'ono, ndinaona molakwika.

Mndandanda wa mawa:

jombo,
botolo la madzi,
cholembera,
kuphunzira kuwerenga sikelo (ndamva kuti ili ndi mabatani, ndikufuna ndione kuti anawaika pati).

Dzuwa likupendeka Marita wabwera kuchokera kuseri kwa mpanda, waima pakhomo ngati mlendo. Akuti apongozi ati ndikamaweruka ku sikelo foni izikhala pa mtondo pafupi ndi mpanda, ndikhoza kumaigwira ndekha, asandione basi. Akuti dengulo ndilimalize, poti kalabu ikulifuna ngakhale a ku Blantyre asalifune.

Ndamufunsa ngati ananena zokhazo. Wayang'ana pansi, wayang'ana ine, wati ayi. Ndamupatsa mpando, ndatsegula kope, ndipo nthawi ino wanena zonse mmene zinanenedwera, osasiya ngakhale liwu limodzi. Zatenga theka la ola.

Ndalemba mfundo khumi ndi imodzi. Zinayi ndi za batani. Zinazo ndi za ine.